Waya wa M'miyendo ya Amayi Ako

Kwa Mlolo, nyengo yokolola mapira.

Maliyana mwana wanga,

Mawa dzuwa lisanatenthe bwato likuwolotsa Shire kupita kwa Mbenje, kumudzi kwa Zuze mwamuna wako. Ana aweruka, ndiye ndatsala ndekha m'sukulu muno kuti ndikulembere. Ukudziwa kuti pakamwa sindithandiza: ndikayamba kukulangiza ndimafika pakati n'kusanduka mphunzitsi, iwe n'kuyamba kuyang'ana nkhuku pabwalo. Pepala lili bwino, chifukwa ukatopa nalo ulipinda, ndipo tsiku lina udzalifunyululanso.

Za kukhala ndi mwamuna, za ulemu kwa apongozi, za mchere ndi moto, amayi ako aang'ono a Dinala ndi anzawo akuuza kale, ndipo amazidziwa kuposa ine. Ine nkhani yanga ndi imodzi yokha. Ndi ya waya uja apongozi ako a Chanaze akonza kuti akakukulunge m'miyendo ukangofika, zikwinjiri za mkazi watsopano. Ndikufuna usalole kuti akutsekere wayayo pa mwendo usanamupale ndi kuona m'kati mwake. Zina zonse zimene ndilembe pano ndi zongofotokoza chifukwa chake.

Ukanakwatiwa ndi Mmang'anja mnzathu sindikanalemba kalatayi. Mkamwini akanabwera kudzamanga kuseri kwa nyumba ya amayi ako aang'ono, ndipo chilichonse cholowa m'nyumba mwako ndikanachiona ndi maso anga. Koma wasankha kwa Asena, kumene mkazi ndiye amatsata mwamuna. Sindikudandaula, Zuze ndi mnyamata wofatsa. Chondivuta n'chakuti pakati pa iwe ndi ine padzakhala mtsinje, ndipo mvula ikagwa kumapiri mtsinjewo umasanduka nyanja, uthenga n'kumafika zinthu zitatha kale. Ndiponso ukupita ku banja la amalonda. Apongozi ako aamuna amatenga mikanda, waya, mphete ndi mabotolo a mankhwala ku sitolo za Amwenye n'kumayenda nazo m'midzi. Udzagona ndi kudzuka pakati pa katundu ameneyu, choncho uyenera kumudziwa.

Ndiyambe ndi kupusa kwanga kwa unyamata, kuti useke kaye. Pamene ndinkagwira ntchito yomasulira m'sitima ya pamadzi ya ku Zambezi, ndinagula mphete padoko la Chinde kwa munthu wina wovala bwino, amene analumbira kuti ndi golide wa Mpwitikizi wina amene anamira. Ndinaivala kuti anthu aone kuti Tomasi wakwera. Thukuta ndi madzi amchere sizinachedwe nayo. Kuwalako kunachoka, chala changa n'kubiriwira. Anzanga a m'sitima sanandipatse mpata. "Tomasi, wapatsana moni ndi chule?" Wina n'kumati, "Musiyeni mnzanu, golide wake sanapse, akadali wamuwisi." Ndinaiponya m'madzi ndipo chala chinayera chokha. Kuyambira pamenepo ndinadziwa kuti chitsulo chimapakidwa kunja, monga mmene timazirira nyumba ndi dothi lokongola pamwamba pa matope wamba. Ndinadziwanso kuti wogulitsa akakhala ndi nkhani yaitali pa katundu wake, chimene ukugula ndi nkhaniyo.

M'sitima momwemo ndinaona kumene mabotolo ambiri a mankhwala amachokera. Azungu akatsiriza mankhwala awo a chifuwa kapena a m'mimba, mabotolo otsala sankatayidwa. Wophika wathu ankawasunga m'thumba, osachotsa mapepala olembedwa aja, ndipo padoko lililonse pankakhala anthu omudikirira. Tsiku lina ndinamufunsa kuti anthuwo amakachita nawo chiyani. Anandiyang'ana ngati ndafunsa chifukwa chimene mvuu imakhalira m'madzi. "Amakathiramo zawo, nanga bwanji? Tiyi wozizira, makungwa owawa, tsabola pang'ono kuti azimveka pakhosi. Botolo ndiye mankhwala, achimwene. Za m'katimo ndi madzi." Choncho, ngakhale ndinakuphunzitsa kuwerenga, usakhulupirire botolo chifukwa chakuti lalembedwa Chingelezi. Zolembazo zimanena za chimene chinalimo kale. Uziyang'ana chotsekera. Ngati phula lake lasweka, kapena chili ndi kabowo kosonyeza kuti wina anachizulapo, ulibweze mwaulemu. N'chimodzimodzi kwinini. Weniweni amawawa mpaka m'kati, koma ndaonapo timibulu ta ufa wa chinangwa tonyikidwa m'madzi owawa, towawa kunja kokha. Uswe kamodzi, ulawe pakati. Wogulitsa woona mtima sakwiya ndi zimenezo. Akakwiya ndiye kuti wakuyankha kale.

Tsopano ndifike pa amayi ako. Unali wamng'ono, msinkhu wongoyamba kusenza kamtsuko, ndipo chimene ukukumbukira n'chakuti anadwala mwendo n'kumwalira. Anthu ena anakuuza kuti analodzedwa. Ndikulembera zimene zinachitika, ndipo ndisiyanitsa zimene ndinaona ndi maso ndi zimene ndinachita kumva kwa a Dinala, pakuti pamene zinkayamba ine ndinali ku Zambezi.

Chinali chaka chotsatira fuluwenza uja. Iwe sungadziwe mmene anthu analili nthawi imeneyo. Mudzi uno unaika maliro mpaka makasu anasowa owagwira, ndipo otsala anali ndi mantha a mtundu wina, mantha ogula chilichonse. Munthu akanabwera ndi miyala ya mumtsinje n'kunena kuti imathamangitsa chifuwa, akanabwerera kwawo dengu lopanda kanthu. Amayi ako anali ataika mlongo wako Yohane m'matendawo, ndipo anali ndi pakati pena. Sanali munthu wopusa. Ankadziwa thonje labwino ndi loipa pongoligwira, ndipo palibe anawanamizapo pa muyeso wa mchere. Koma anali ndi mantha, ndipo mwamuna wawo anali kutali.

A Dinala akuti kunabwera wamalonda woyendayenda amene anthu ankamutcha Sabonete, dzina la sopo m'Chipwitikizi, chifukwa ankanunkhira sopo ngakhale dzuwa lili pamutu. Anayala nsalu pansi pa msawu uja wa kuchitsime n'kutulutsa waya wofiirira, wowala kwambiri. Anati ndi mkuwa wa ku Tete, ndipo mkazi wapakati akauvala m'miyendo umakoka malungo ndi chifuwa kuti zisafike pa mwana. Mayi wina anamufunsa kuti nanga iyeyo akutsokomoleranji. "Ine ndilibe pakati, mai," anayankha, onse n'kufa nacho chiseko. Amayi ako anali atangogulitsa thonje lawo. Anakhala pa mtondo wogoneka, Sabonete n'kuwakulunga wayayo kuyambira pa akakolo kukwera m'mwamba, mizere yothinana, n'kupinda nsonga zake ndi chopanira kuti zisamasuke. Asananyamuke anawasiyira mawu awa, amene ndikufuna uwakumbukire kuposa ena onse: "Mukaona khungu likuda pansi pa waya musaope, ndi matenda akutuluka. Kukayabwa kapena kupweteka ndiye kuti mankhwala agwira. Musadule, mungabweze matenda m'thupi."

Uwerengenso mawuwo, mwana wanga. Chizindikiro chilichonse chimene thupi likanapereka kuti zinthu zaipa, iye anali atachitcha kale chizindikiro cha kuchira. Ukadzamva wogulitsa akukuuziratu kuti kupweteka ndi umboni wakuti chinthu chake chikugwira, udzanyamuke pamenepo. Chinthu chimene sichingalakwe zivute zitani sichinayesedwepo ndi munthu.

Mvula inabwera yambiri chaka chimenecho. Madzi analowa m'minda, ndipo amayi ako ankayenda m'matope tsiku ndi tsiku kupulumutsa chimanga chisanamire. Miyendo ya mkazi wapakati imakula, zimenezo n'zodziwika, koma waya sakula nayo. Kufiira kuja kunasupuka, pansi pake n'kutuluka dzimbiri. Khungu linada, kenako linayamba kuyabwa, kenako pa mwendo wamanzere panatseguka chilonda chimene sichinkaoneka bwino chifukwa waya anachiphimba. A Dinala anawachonderera kuti apite kwa wosula wa kuphiri akawadule. Anakana. "Iwe Dinala, munthu uja ananena kuti zidzatero. Ukufuna ndibweze matenda kwa mwana?" Sabonete atadutsanso pa bwato, anawagulitsa botolo la mankhwala otsukira chilondacho. Botololo ndinadzalipeza pa nsanja. Pepala lake linali la mankhwala a chifuwa, chotsekera chinali chobowoka, ndipo za m'kati zinkanunkha tiyi wovunda.

Uthenga unandipeza ku Chindio mochedwa. Ndinakwera sitima ya pamtunda mpaka Chiromo, kenako bwato, chifukwa njira yonse inali madzi okhaokha. Kuyambira apa ndi zimene ndinaona ndekha. Ndisanalowe m'nyumba ndinamva fungo. Amayi ako anali chigonere pa mphasa, mwendo uli pa mtolo wa nsalu, ndipo waya anali atamira m'mnofu moti m'malo ena sankaoneka. Anandimwetulira.

"Mwabwera, bambo a Maliyana? Mwaonda. Kodi m'sitimamo sakudyetsani?"

Ndinati ndikufuna kudula wayayo. Anandigwira dzanja.

"Musadule. Ndapirira nthawi yonseyi, zatsala pang'ono."

"Ngati matenda akutuluka," ndinawafunsa, "bwanji mwendo ukunka nukula?"

Anayang'ana kudenga. Kenako anati, "Ndiye kuti ndapiririra chabe?"

Anandisiya dzanja.

M'mudzi munalibe chodulira. Mpeni unkangoterereka, ndipo chopanira sichikanalowa popanda kung'amba mnofu. Ndinabwerera ku Chiromo kukagula tupa, kachitsulo kokhakhala kaja kopalira zitsulo, ku sitolo ya Mmwenye. Nditabwera ndinalowetsa chogwirira cha supuni pansi pa waya kuti ndisawacheke, n'kuyamba kupala mzere umodziumodzi, a Dinala atawagwira mapewa. Iwe tinakutumiza kwa anansi, koma ndikudziwa kuti unamva. Mzere woyamba utaduka ndinayang'ana podukapo. M'kati munali motuwa. Chinali chitsulo wamba, chonga waya womangira mabelo a thonje, chongopakidwa kunja. Mkuwa wa ku Tete munalibemo ngakhale pang'ono.

Tinawanyamula pa machila kupita kuchipatala cha amishoni kuphiri, m'madzi ofika m'chiuno. Tili m'njira anayamba kulephera kutsegula pakamwa. Dokotala anaona chilonda, anaona nsagwada, n'kundiitanira panja. Anati ndi kafumbata, matenda olowera pa chilonda chimene chakhala m'dothi, ndi kuti akafika pa nsagwada palibe chimene iye angachite. Ndinamufunsa ngati akanakhala ndi moyo waya akanadulidwa pamene khungu linayamba kuda. Anati sangalumbire, koma akuganiza choncho. Ndikukupatsa yankho lake monga anandipatsira, osawonjezera. Amayi ako anamwalira ali ndi nzeru zawo zonse koma osatha kulankhula, ndipo mwana anapita nawo limodzi.

Pamaliro anthu anati analodzedwa ndi wina wochitira nsanje zikwinjiri zawo. Anatchula ndi dzina lomwe, la mayi wina wosalakwa, amene pambuyo pake anasamuka m'mudzi muno chifukwa cha manong'onong'owo. Abale anafuna kukaombeza, ine ndinakana. Ndinali ndi chidutswa cha waya m'thumba, ndipo chinali chitanena kale zonse.

Sabonete ndinakumana naye kumsika wa Chiromo patapita nthawi. Ndinali nditakonza mawu ambiri, koma nditafika pafupi ndinaona kuti iyenso wavala waya yemweyo pa mkono, khungu litada pansi pake. Ndinamuonetsa chidutswa chija n'kumuuza kumene ndinachidula. Anachitembenuza m'manja.

"Pepani, baba. Inenso ndimachita kugula. Amene anandigulitsa anandiuza zomwezo."

"Nanga botolo?"

Anayang'ana kumbali. "Botolo ndi njala, baba."

Ndinatenga chidutswa changa n'kumusiya. Ndikanakonda akanakhala wachifwamba, chifukwa wachifwamba umamuthawa akali patali. Koma uyu anali munthu wanthabwala, waulemu, wokhulupirira zina mwa zimene ankanena. Otere ndiwo udzakumana nawo, ndipo ena udzadya nawo mbale imodzi.

Usaganize kuti kudziwa kokha kumapulumutsa. M'chaka cha njala ija tinkadya nyika, mizu ija ya maluwa a m'dambo, iwe unagwidwa malungo aakulu mpaka kumalankhula zosamveka. Kwinini m'nyumba munalibe. Ndinathamangira kumsika, ndipo ine yemwe, amene ndinaona thumba la wophika uja, amene ndinanunkhiza botolo la amayi ako, ndinapezeka nditagwira botolo la phula losweka, wogulitsa akundiuza kuti limadula malungo tsiku lomwelo. Bowo la pa chotsekera ndinaliona. Ndinaligulabe. Ndinayenda nalo mpaka pa mlatho wa njanji, m'pamene nzeru zinandibwerera, n'kulikhuthulira mumtsinje ndi kukwera phiri kukapempha kwinini kwa amishoni. Ndikanafika nalo kunyumba bwenzi nditakhala pambali pako kudikira kuti tiyi akuchize. Ndiye ndikuti, mankhwala uzigula tsiku limene m'nyumba mulibe wodwala, mtima uli m'malo, ndipo uzigula kuchipatala kumene ungakabwerere kukafunsa. Tsiku la mantha munthu sasankha, amangotambasula dzanja, ndipo amalonda amalidziwa tsikulo kuposa tsiku la msika.

Tsopano ukumvetsa chifukwa chimene ndinachitira zija zinakuchititsa manyazi, tsiku limene a Chanaze anabwera kudzationetsa mphatso. Iwe unali kuseri ndi a Dinala ndipo unangomva chiseko. Anafunyulula nsalu, waya ali nyezinyezi. Ndinati, "Asewere, ndiloleni ndipale pang'ono pansonga." Anaseka mpaka kugwira m'nthiti.

"Aphunzitsi, mphatso mukufuna kuipala ngati chinangwa? Kodi mwana wanuyo ife tamupala kuti tione m'kati?"

Anthu anaseka, inenso ndinaseka, pakuti linali yankho labwino. Kenako anatambasula mwendo wawo.

"Onani izi. Anandikulunga ndili namwali, ndabereka ana onsewa, ndilipo. Nkhabe, ayi asewere, waya sapha munthu. Mabuku akuopsezani."

Ndinaziyang'ana zikwinjiri zawozo. Ndi mkuwa weniweni wakale, wolemera, wosalala chifukwa cha zaka, ndipo chala chingalowe pakati pa waya ndi khungu. Akunena zoona, waya wotere sapha munthu. Koma amene akonzera iwe ndi watsopano, wa m'sitolo, ndipo iwo sanamuone m'kati monga inenso sindinamuone. Mwina ndi wabwino. Sindikudziwa, ndipo sindinena chimene sindikudziwa. Anandiuzanso kuti pabanja pawo zikwinjiri za ukwati sizidulidwa mwamuna ali moyo, wodula ndiye kuti wakana banja. Anamanganso nsalu yawo, nkhani n'kuthera pomwepo. Zuze nthawi yonseyo anali atawerama, koma powaperekeza kudoko anatsalira m'mbuyo n'kundinong'oneza kuti, "Baba, ndamva." Sindikudziwa kuti mawu amenewo adzalemera bwanji pamaso pa mayi ake. Udzaona wekha.

Choncho ntchito imene inandikanika ine, bambo wa imvi, yatsalira iwe, mlendo wongofika, amene mawu ako adzakhala aang'ono kuposa a wina aliyense pabwalopo. Ndikudziwa kuti ndakusenzetsa cholemera. Yamba ndi Zuze, muli awiri, anthu asanasonkhane. Umuuze za amayi ako monga ndakuuzira, osakometsa. Apale iyeyo pansonga, pamene padzabisika akapinda. Mukaona kuti m'kati ndi mofiirira monga kunja, uvale ndi mtima woyera, ugwade, unene takhuta monga amathokozera kwawoko. Ungopempha kuti akukulunge motakasuka, chala chizilowa, ndipo nsonga asazipinde zolimba. Unene kuti kwanu miyendo imakula msanga pa mimba. Si bodza, ndi mmene analili amayi ako.

Mukaona kuti m'kati ndi motuwa, usatche munthu wakuba. Apongozi ako adzakhala atanamizidwa monga ananamizidwira Sabonete. Uwaonetse pambali, osati pagulu, kuti mkwiyo wawo upite kusitolo osati kwa iwe. Munthu wamalonda sakonda kupusitsidwa, ndipo mwina apo ndi pamene adzakumvera. Ndikuti mwina, chifukwa munthu wochititsidwa manyazi amakwiyira amene ali pafupi.

Akakana zonsezi n'kukukulunga mokakamiza, sindikuuza kuti uthawe tsiku la ukwati wako. Koma uziyang'ana pansi pa wayayo nthawi iliyonse ukamasamba. Usalowe naye m'matope a kudimba ukakhala ndi kachilonda ngakhale kang'onong'ono. Ukadzaima, usadikire kuti miyendo ikule. Ndipo tsiku limene udzaone khungu likuda, kapena chala chikukana kulowa, udule tsiku lomwelo. Usadikire Zuze ngati ali paulendo. Usadikire kuti akulu akhale pansi akambirane. Usadikire kuti madzi aphwe kuti undifunse. Udule, zokambirana zidzabwera pambuyo. Adzakwiya, mwina adzati wakana banja, mwina adzakuwolotsa mtsinje kukubweza kuno. Ubwere. Akazi obwezedwa kwawo ndawaona ambiri, amalima, amadya, ena amakwatiwanso. Manyazi amapola. Usadzadzifunse funso lija la amayi ako, lakuti kodi wapiririra chabe. Funso limenelo ndilo limasunga waya pa mwendo.

Chotsala ndi ichi. Tsiku lina apongozi adzakupatsa dengu kuti ukagulitse kwa akazi anzako, chifukwa mkazi amakhulupirira mkazi mnzake. Mikanda gulitsa, ndi yokongola ndipo siinamiza munthu, kupatula ija yosuluka, imene uyenera kuiviika m'madzi kaye uone. Ndolo ndi zipini zimene zimasiya mzere wakuda ukazikhula pa nsalu yoyera ndi za mtovu, ndipo ndaziona zikuyambitsa zilonda pa khutu ndi mphuno zongoboola kumene. Ukadzakhala ndi mwana, m'chiuno mwake mukhale ulusi wa thonje umene mpeni ungadule, osati waya, ngakhale wina alumbire kuti umathamangitsa chiyani. Ndipo pakamwa pako pasadzatuluke mawu akuti chakutichakuti chimachiza, ngati sunachione chikuchiza. Apongozi akakuuza kuti uzinena, uziti waiwala. Pakati pa akazi odzakhala mozungulira nsalu yako padzakhala wina amene anaika mwana chaka chatha, ali ndi pakati pena, mwamuna wake ali kumigodi. Sadzafunsa zambiri, adzangotambasula mwendo. Ameneyo ndi amayi ako.

Pansi pa dengu lako, kunsi kwa nsalu zimene a Dinala apinda, ndaikamo kanthu kokulunga mu mpango wakale. Mpangowo ndi wa amayi ako. M'katimo muli tupa lija ndinagula ku Chiromo, ndi chidutswa cha waya chimene ndinadula pa mwendo wawo wamanzere. Tupalo uzilipaka mafuta kuti lisachite dzimbiri, ndipo ulisunge pamene dzanja lako lingafike popanda kupempha munthu. Chidutswacho ndi cha pamene mawu adzakuthera. Udzachiike m'manja mwa a Chanaze, aone okha kunja ndi m'kati.

Mawa padoko sindidzanena kanthu za izi. Kudzakhala nyimbo ndi nthungululu, ndipo si bwino kuti bambo awononge tsiku la mwana wake. Ndidzakugwira chanza monga amachitira abambo onse, n'kuima mpaka bwato litalowa m'bango la tsidya. Koma ukadzabwera kudzationa madzi akaphwa, usadzakhumudwe ndikadzayamba kukuyang'ana kumapazi ndisanakuyang'ane kumaso.

Upale kaye, Maliyana.

Ndine bambo wako wotsala tsidya lino,
Tomasi